Bwalo la maofesi ku Lilongwe: zolemba zanga kuyambira Ogasiti 2023 mpaka Okutobala 2024

14 Ogasiti 2023

Ndaponda pamalopo koyamba lero. Ndi nyumba ya maofesi ya nsanjika zitatu, kufupi ndi City Centre, ndipo yatsala pang'ono kutha. Opaka penti ali m'kati, oika magalasi ali pamakwerero. Ine andiitanira zapanja: poimika magalimoto, tinjira ta anthu oyenda pansi, kapinga, mitengo, maluwa ndi kokhala anthu pa nkhomaliro.

Eni nyumba anandilandira ali ndi foni m'manja. Anandionetsa zithunzi za maofesi a ku Dubai ndi ku Johannesburg, kapinga wobiriwira ngati wopenta, mitengo ya kanjedza itandandalika mbali zonse za msewu. “Ndikufuna zoterezi, achimwene. Munthu akangolowa pageti adziwe kuti wafika pamalo.” Ndinawayankha kuti ndamva, koma ndiyambe ndaona dothi ndi kumene madzi amalowera. Anaseka, amvekere dothi ndi dothi basi.

Malowa ndi otsetsereka pang'ono, kuchokera ku geti kutsikira ku ngodya yakumwera. Kungodyako kuli chulu chachikulu, ndipo pakati pa malo amene pulani ikuti poimika magalimoto pali mbawa umodzi waukulu, thunthu lake anthu awiri saulikumbatira. Papulani paikidwa kamtanda kofiira pamene pali mbawawo.

17 Ogasiti

Takumba mayenje asanu ndi limodzi oyesera, lililonse lofika m'chiuno. Kumtunda kuli katondo wofiira uja wa kuno ku Lilongwe, wabwino ndithu akapeza manyowa. Koma mozungulira nyumba simuli dothi ayi. Piki imangolira ngati yamenya chitsulo. Pansi pa kadothi kochepa kamene giledala inasalaza tapeza zidutswa za mabuloko, matumba a simenti owuma gwa, mawaya, mabotolo, nsapato imodzi, ndi chiphala cha konkire pamene ankasakanizira matope. Dothi lapamwamba lenilenilo, lakuda lija, analikankhira kunja kalekale pomanga maziko ndipo palibe akudziwa kumene linapita.

Izi ndaziona pafupifupi paliponse pamene ndagwirapo ntchito. Wa maluwa amaitanidwa kumapeto, malole atapondaponda malo kwa zaka ziwiri, ndalama zitatha, kenako n'kumufunsa chifukwa chake kapinga sakugwira.

M'dzenje lililonse tinathira zidebe zitatu za madzi n'kuyamba kuwerenga nthawi. Lakumtunda linamwa onse pasanathe ola. Awiri a pafupi ndi nyumba madzi anali chikhalire mpaka tikuweruka. Lakungodya yakumwera dothi lake ndi lakuda, lomata ngati makande a kudambo, ndipo ndikukhulupirira kuti m'dzinja pamenepo pamakhala thawale. Ndatenga dothi m'timatumba kuti akaliyeze kumalo ofufuzira zaulimi ku Chitedze.

29 Ogasiti

Msonkhano ndi eni nyumba, injiniya ndi kapitawo wa omanga. Nkhani zinali ziwiri: kapinga ndi mbawa.

Za kapinga ndinapita ndi masamu, chifukwa pakamwa pokha sakanandimvera. Pulani yoyamba inali ndi kapinga wa masikweya mita 2,000. Kuti kapinga akhale wobiriwira m'chilimwe amafuna madzi osachepera mamilimita 25 pa sabata, ndipo milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ndiye kuti malita 50,000 sabata iliyonse, matanki khumi a malita 5,000, kuyambira Meyi mpaka Novembala. Mu Okutobala kuposa pamenepo. Ndinawafunsa kuti, “Bwana, madzi amenewa azilipira ndani? Inu kapena ochita lendi?” Anakhala chete kanthawi, kenako anatenga cholembera changa n'kuwerengetsa okha. Tagwirizana kuti kapinga atsike kufika pa masikweya mita 500, kutsogolo kokha, kumene maso a alendo amafikira. Kwina konseko kukhala mitengo, zitsamba zopirira ludzu ndi miyala.

Za mbawa zinavuta kwambiri. Injiniya akuti ukudya malo a magalimoto anayi. N'zoona. Ine ndinawakumbutsa mmene anthu anadandaulira mitengo itagwetsedwa mumsewu wa Kenyatta pokulitsa msewuwo, komanso kuti mzinda uno, pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, unakonzedwa kuti ukhale wa mitengo ndi mabwalo pakati pa nyumba. Zimenezi sizinawakhudze kwenikweni. Chimene chinawagwira mtima ndi pamene ndinawatengera panja nthawi ya 1 koloko n'kuwaonetsa kuti magalimoto onse a omanga, ndi yawo yomwe, anali atapanikizana pansi pa mbawawo, malo ena onse ali pululu. Kamtanda kofiira kafufutidwa.

Kanjedza ndawasiyira awiri okha pageti. Pena munthu umagonja pang'ono kuti upambane pa zazikulu.

6 Seputembala

Tazinga mbawa ndi mpanda wa mapolo, kutsata pamene nthambi zake zimalekezera. M'kati mwa mpandawo musalowe lole, musaunjikidwe mchenga, musatsukidwe wilibala ya simenti. Mizu imene imadyetsa mtengo ili pamwambamwamba ndipo imayala kutali; ukaipondereza, mtengo sufa lero, umayamba kuuma nsonga patapita zaka ziwiri kapena zitatu, aliyense ataiwala chimene chinachitika.

Tsiku lomwelo madzulo ndinapeza anyamata a omanga atatsegula mpandawo n'kuikamo njerwa zawo zoyala pansi. Ndalankhula ndi kapitawo wawo mwaulemu. Mawa ndibweretsa waya.

18 mpaka 30 Seputembala

Masabata awiri ochotsa zinyalala. Matipa asanu ndi anayi a zigumukira atuluka. Aganyu khumi ndi awiri, mapiki, mafosholo, mawilibala anayi, limodzi lathyoka mwendo. Palibe chokoma cholemba. Fumbi lokhalokha, ndi akamvuluvulu amene amanyamula matumba a simenti kukawakoleka pa mpanda wa eni ake oyandikana nafe.

Zotsatira za dothi zabwera: kumtunda ndi lowawasa pang'ono ndipo chonde n'chochepa, pafupi ndi nyumba simenti yalisandutsa la laimu wambiri. Choncho laimu sitithira paliponse, tidalira manyowa.

9 Okutobala

Lero ndi tsiku la madzi, ndipo ndilemba motalikirapo chifukwa bwalo lonseli laima pa zimenezi.

Denga la nyumbayi ndi masikweya mita pafupifupi 900. Mvula ya mamilimita 20, imene kuno imatha kugwa pa ola limodzi mu Januwale, imatsitsa malita 18,000 kuchokera padenga lokhalo. Onjezani poimika magalimoto. Pulani ya omanga inali yoti madzi onsewo alowe m'ngalande ya konkire, athamangire kunja kwa mpanda, akagwere m'ngalande ya mumsewu, ulendo wa kumtsinje wa Lingadzi. Ndiye kuti m'dzinja tizithamangitsa madzi aulere, m'chilimwe tizigula ena. Lilongwe amalandira mvula yokwanira ndithu, kungoti yonse imagwa m'miyezi isanu, isanu ndi iwiri yotsalayo kuli gwa.

Zimene tapanga ndi izi. Mapaipi awiri otsika padenga tawalowetsa m'matanki anayi a malita 5,000 kuseri kwa nyumba. Ndikudziwa kuti amenewa sangatifikitse mu Okutobala. Ntchito yake n'kutipulumutsa pa ng'amba ya pakati pa dzinja ndi masabata oyamba a chilimwe. Thanki yeniyeni ndi nthaka. Choncho madzi osefukira m'matanki ndi ochokera poimika magalimoto tawalozera m'maswale awiri, ngalande zosaya zopingasa chitsetserekocho, zimene sizithamangitsa madzi koma kuwaimitsa kuti alowe pansi. Tawayeza ndi chingwe ndi levulo, monga mmene alangizi amaphunzitsira alimi poika akalozera kumunda. Mmodzi wa aganyu, bambo a ku Mitundu, anandiposa luso pa zimenezi. Akuti kwawo anayeza munda wonse wa mpingo ndi chipangizo choyezera cha mitengo itatu yomangidwa ngati chilembo A. Ndawapatsa udindo woyang'anira maswale.

M'mphepete mwa swale iliyonse tidzabzala vetiva. Mizu yake imalowa pansi molunjika, simayala m'mbali, ndipo ukaumeta bwino umaoneka ngati mpanda wa dala. Eni nyumba atamva dzinalo anakwinya nkhope: “Udzu wa m'munda pa ofesi?” Ndawauza kuti adikire awuone utametedwa.

Swale yachiwiri ikuthera kungodya yamakande ija. M'malo molimbana napo, tapakumba mwa beseni kuti pakhale pofikira madzi otsala, ndi potulukira pake pamwamba kuti mvula ikanyanya asabwerere ku maziko a nyumba. Injiniya anaumirira kuti swale iliyonse italikire khoma mamita osachepera asanu. Pamenepo ndinamumvera osatsutsa.

Za mjigo eni nyumba akuti ayamba kufunsira chilolezo ku bungwe la National Water Resources Authority. Ine ndikukonza bwalo ngati kuti mjigowo kulibe. Ukadzabwera, tidzathokoza.

24 Okutobala

Kutentha kosaneneka. Tayamba 5 koloko m'mawa, kuweruka 12. Kunagwa kachizimalupsa dzana, kongonunkhiritsa fumbi.

Nkhani ya chulu. Ndinkafuna kuchigumula, dothi lake tilimwaze m'mabedi popeza ndi lachonde. Alonda a usiku, madala a imvi zawo, anandiimitsa pageti. “Abwana, chulu chimenechi musachiphe. Chimatulutsa ngumbi zambiri mvula ikayamba. Ine ndakhala pano kuyambira pali tchire.” Ndinawafotokozera kuti chiswe chidzatidyera mbande. Iwo anati chiswe chimene chimadya mitengo yaing'ono chimachokera pansi paliponse, kugumula chulu sikuchithetsa, ndipo chikapeza udzu wouma wokwanira sichilimbana ndi mtengo wamoyo wathanzi. Ndaona zofananazo kwina, ndiye sindinatsutse. Chulu chili kungodya kosaoneka ndi alendo, kutali ndi nyumba. Chikhale. Tidzachibisa ndi nsungwi zazifupi.

10 Novembala

Ndalama ya kwacha yagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti sabata ino. Mitengo yonse ya katundu imene ndinalembera eni nyumba mu Ogasiti yasanduka nthano. Mapaipi othirira a timabowo, pampu ndi zolumikizira zake zonse n'zochokera kunja, ndipo ogulitsa ena angotseka kaye mashelefu kudikira mitengo yatsopano. Mwayi wake matanki tinagula kale.

Takhala pansi n'kudula pulani. Zothirira zodzitsegukira zokha zachoka. Tiika mipopi isanu m'malo osiyanasiyana, wosamalira bwalo azithirira ndi paipi ndi keni. Magetsi a m'tinjira achepetsedwa ndi theka. Miphika ikuluikulu yochokera kunja yalowedwa m'malo ndi youmba konkuno. Mitengo ndi manyowa sindinalole kuti zikhudzidwe.

20 Novembala

Mayenje a mitengo atha, 46 onse pamodzi, lililonse masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya, a poimika magalimoto okulirapo. Dothi lapamwamba mbali ina, lapansi mbali ina, pobwezera tiyambe ndi lapamwamba losakaniza ndi zidebe ziwiri za manyowa a khola owola bwino. Manyowa tagula kwa alimi a ng'ombe cha ku Likuni. Tipa yoyamba inabwera ndi osapsa, akutentha m'manja, ndipo ndawaunjika padera kuti adikire.

Mitengo imene ndasankha, ndi imene ndakana. Poimika magalimoto payikidwa msikidzi: suyoyola masamba onse m'chilimwe, mthunzi wake ndi wandiweyani, mizu yake siivuta kwambiri zoyala pansi. Kumpanda wakumadzulo, kumene dzuwa la masana limawomba magalasi, mbawa zinayi ndi msambamfumu. Zimenezi n'za ana athu, ife tidzangoona zikufika padenga loyamba. Kungodya yonyowa ija katope, amene kwawo ndi m'mbali mwa mitsinje. Kuseri, kutali ndi anthu, msangu umodzi, mtengo wamakhalidwe ake ake umene umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe anzake onse ali mbee. Minga zake ndi zimene zaulepheretsa kubwera kutsogolo.

Jakaranda eni nyumba ankamufuna, ndipo kukongola kwake mu Okutobala sindikukana, koma maluwa ake akagwera pa simenti n'kunyowa amaterera, ndiye ndamuika mmodzi pakati pa kapinga, osati m'njira. Malaina ayi, zipatso zake zimadetsa magalimoto ndipo pansi pake sipamera kanthu. Kachere ndi mkuyu ayi, mizu yake imanunkhiza paipi ya zonyansa ili kutali. Mvunguti, ngakhale ndimaukonda, chipatso chake chimodzi chikhoza kuswa galasi la galimoto ya munthu. Mango ndinakana poganizira miyala ya ana ndi magalasi a nsanjika yoyamba, koma akuntchito a m'khitchini apempha mandimu awiri ndi mapeyala kuseri, ndipo ndavomera.

4 Disembala

Kukagula mbande. Zamitengo yachilengedwe ndinaitanitsa kale kwa mayi wina amene ali ndi nazale yake m'mbali mwa mtsinje, amene ndagula kwa iwo zaka zambiri. Eni nyumba ankafuna mitengo italiitali kuti bwalo lioneke lokhwima tsiku lotsegulira. Mayiwo anandithandiza kuwalankhula. Anang'amba chubu cha mtengo wina wotalika kuposa munthu n'kutionetsa mizu itazungulirazungulira ngati nkhata. “Onani bambo, uwu wakalamba m'chubu. Mukaubzala uzingokhala choncho, mphepo ikabwera ugwa. Tengani awa ofika m'chiuno, pakatha zaka ziwiri adzaupitirira.” Tatenga ofika m'chiuno.

Zam'mabedi: aloe wamitundu itatu, agapanthus, bougainvillea wa kumpanda, plumbago, ndi udzu wa mandimu pafupi ndi khomo la kukhitchini. Lantana anandipatsa waulere, ndinakana. Mbalame zikamwaza njere zake amadzaza dambo lonse.

19 Disembala

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala, ndipo ife tabzala dzulo ndi lero, nthaka itanyowa bwino. Mitengo yonse 46 yalowa, iliyonse ndi chikhomo chake ndi beseni lothiriramo. Vetiva wawokeredwa m'maswale, motalikirana chikhatho chimodzi. Kapinga tabzala wa timitsitsi m'mizere, osati woyala ngati mphasa, chifukwa cha mtengo wake.

Madala aja anandisungira ngumbi zokazinga m'kapepala. Akuti chulu chinatulutsa ndowa yathunthu.

11 Januwale 2024

Mvula yamphamvu masana, ndipo ndinathamangira kumaloko dala. Pulani ya madzi siioneka papepala, imaoneka mvula ikugwa. Ndinaima pakhonde ndi ambulera, kenako ndinangovula nsapato n'kulowa m'bwalo.

Matanki anadzaza msanga. Swale yoyamba inagwira ntchito yake bwinobwino, madzi ofiira anayala m'litali mwake monse n'kuima phee. Yachiwiri inadzaza n'kusefukira pakati, pamene wina anadutsitsa wilibala n'kuphwanya mlomo wake, ndipo madzi anang'amba kangalande kudutsa m'bedi la agapanthus, mbande zina n'kukapezeka kumpanda. Beseni la kungodya linadzaza mpaka potulukira, monga tinafunira. Pofika m'mawa mwake maswale onse anali atamwa. Besenilo linatenga masiku awiri, zimene zili bwino, chifukwa udzudzu umafuna madzi okhalitsa kuposa pamenepo kuti uswane.

Cholakwika china n'cha potsikira poimika magalimoto: omanga anasiya mwala wa m'mphepete wopanda mpata, ndiye madzi m'malo molowa m'swale anazungulira n'kukaima pakhomo lolowera olumala. Tagumula miyala iwiri, tayalapo miyala ya kwale kuti madzi asakumbe.

29 Januwale

Misikidzi itatu ya pafupi ndi nyumba yachita chikasu n'kuyoyoka. Nditafukula umodzi, dzenje linali lodzaza madzi onunkha, mizu yakuda bii. Kulakwa n'kwanga. Ndinaona ndekha mu Ogasiti kuti pamenepo madzi salowa, koma ndinakumba mayenje m'dothi lopondedwalo n'kuthiramo dothi lofewa, ndiye dzenje lililonse linasanduka mphika. Ndinkathamangira kumaliza mvula isanapite. Tazula itatuyo, taswa chiphala cha pansi ndi chitsulo mpaka tapeza katondo weniweni, ndipo atsopano tawabzala pa timilu tokwera pang'ono. Mtengo wake ndalipira ndekha.

22 Febuluwale

Ng'amba. Masabata atatu tsopano popanda mvula yeniyeni, dzuwa ngati la Okutobala, chimanga cha m'mapoloti opanda nyumba chapota masamba. Akuti ndi El Niño. Matanki aja ndi amene akutisunga: mtengo uliwonse keni ziwiri kawiri pa sabata, madzulo. Kapinga ndamusiya adzionere yekha.

Chodabwitsa n'chakuti mitengo ya m'munsi mwa maswale sikuonetsa ludzu konse. Ndinakumba ndi dzanja pafupi ndi katope, chinyontho chili pomwepo.

Wosamalira bwalo walembedwa, mnyamata wochokera ku Dedza, wakhama koma anazolowera kuthirira kwa patsitsi, kongonyowetsa pamwamba dzuwa lili paliwombo kuti abwana amuone akugwira ntchito. Ndamuonetsa ndi fosholo: pamene anathirira iye madzi analowa chala chimodzi, pamene tinathira keni ziwiri m'beseni analowa kupitirira chikhatho. Wamva. Ndapemphanso a manejala kuti asamamukalipire akamuona atakhala masana, ntchito yake ndi ya m'mawa ndi madzulo.

26 Malichi

Pulezidenti Chakwera walengeza masiku apitawa kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilalachi. Aganyu anga atatu apempha kuti ndiwalipire msanga atumize kumudzi. Kuthirira maluwa chaka ngati chino kumandichititsa manyazi pang'ono, ndipo ndikuthokoza kuti kapinga uja tinamudula.

Mvula yabwererako mwa apo ndi apo. Vetiva wagwirana. Tamumeta kufika m'mawondo, ndipo zometazo taphimbira mabedi.

15 Epulo

Ochita lendi ayamba kulowa. Pasanathe sabata atiphunzitsa chimene pulani sinaone: kuchokera pageti laling'ono, kumene amatsikira minibasi ndi kabaza, palibe amene akutsata kanjira kathu kokhota. Onse akudula pakati pa kapinga kulunjika pakhomo, ndipo mzere wofiira waoneka kale. A manejala akufuna chikwangwani choletsa ndi waya. Ine ndati mapazi a anthu sanama, tiyale miyala mmene adutsamo. Tayala masitepe a konkire 31, kapinga azimera m'mipata.

Pansi pa mbawa taika mabenchi atatu a matabwa, oima pa miyala, osakumba pansi. Poimika magalimoto mozungulira pamenepo tayala njerwa za simenti zokhala ndi mabowo, pamchenga, kuti madzi ndi mpweya zizifika ku mizu.

20 Meyi

Chiswe chadya khungwa la mbawa ziwiri zazing'ono. Udzu wophimbira unagunda thunthu, chiswe chinangokwera. Tausuntha kuti pakhale mpata wa chikhatho kuzungulira mtengo uliwonse, tathira phulusa. Umodzi upulumuka, winawo ndakayika. Madala aja sanayankhulepo kanthu, nanenso sindinawafunse.

Juni ndi Julayi

Kuzizira, zomera zaima. Aloe wachita maluwa ofiira ndipo timbalame ta choso tadzaza; alembi a pansanjika yoyamba akuti amatsegula zenera kuti azitiona. Matanki anauma kumayambiriro kwa Juni. Tsopano tikudalira madzi a pampopi, ndipo ndaika mita yakeyake ya bwalo kuti tidziwe chenicheni chimene tikumwa.

12 Ogasiti

Tathira zinyenyeswa za fodya zochokera ku Kanengo pa kapinga, monga amachitira ambiri mumzinda muno nyengo ino. Ndinaiwala kuchenjeza a m'maofesi. Fungo lake litalowa m'mazenera, foni yanga sinapume tsiku lonse, wina mpaka anafunsa ngati kwafa chinthu. Ndikanathira Lachisanu madzulo. Pakatha masabata awiri adzaiwala, kapinga akadzabiriwira.

21 Okutobala

Mwezi umene ndinkaudikira. Mu Febuluwale bwalo lililonse mu Lilongwe limakongola, ngakhale la munthu amene sanagwirepo khasu. Ndinauza eni nyumba chaka chatha kuti adzandiweruze mwezi uno.

Mwa mitengo 46, yamoyo ndi 43, kuwerengera itatu yobwezeretsa ija. Mbawa yodyedwa ndi chiswe inafadi, msambamfumu umodzi unathyoledwa ndi galimoto yobwerera m'mbuyo, ndipo mmodzi wa akanjedza a pageti wauma, winayo akungolimbikira. Misikidzi yafika pamutu panga, mthunzi wake ukadali wokwana njinga. Katope ndi amene wathamanga kuposa onse. Kapinga ndi wobiriwira pakati, m'mbali mwa simenti wapsa, ndipo ndamuuza mnyamata uja kuti asalimbane namo, adzadzuka ndi mvula. Mita ikuonetsa kuti sabata yotentha kwambiri tagwiritsa ntchito malita osapitirira 17,000, kapinga ndi mitengo pamodzi.

Eni nyumba anabwera masana ndi mlendo wawo. Sanapite naye pa kapinga. Anamutengera pansi pa mbawa, pamene panali atsikana a ku banki ya pansi akudya chipisi, mabenchi onse odzaza, wina atakhala pa muzu. Ndinawamva akuuza mlendoyo kuti mtengowu anaukaniza okha kudula. Kenako anandikodola: “Achimwene, kanjedza wafayu tibwezeretse chiyani?” Ndati msikidzi. Ati aganizire.

Zotsala mvula isanagwe: kuchotsa matope m'maswale, kutsuka matanki ndi masefa ake, kukumba mayenje atatu obwezeretsa, kumasula zingwe za pa zikhomo zimene zayamba kuluma makungwa, ndi kuika chitsulo chotchinga pamene galimoto inathyola mtengo. Mabenchi ena awiri a manejala avomera, matabwa afika Lachinayi.